Pamene Makina Akutsanzira Dzanja la Mlembi

Pali njira yachidule yodziwira ngati mawu amene ali pa paketi ya bisiketi, pa posita ya dansi kapena pachikuto cha buku la ana analembedwadi ndi dzanja la munthu. Pezani chilembo chimene chabwera kawiri m'mawuwo, muziyang'anitsitse ziwirizo. Ngati a woyamba ndi a wachiwiri ali ndendende, mimba yofanana, kamchira kopindikira mbali imodzi, ngakhale kabanga kooneka ngati burashi inaperewera penti kali pamalo amodzimodzi, dziwani kuti dzanja silinapitepo. Imeneyo ndi fonti, mtundu wa zilembo umene mmisiri anaujambula kamodzi n'kuusunga m'kompyuta, ndipo makina akungobwereza zimene anapatsidwa. Dzanja la munthu silitha kulemba chilembo chimodzi kawiri mofanana, ngakhale mwini wake atachita khama lotani.

Amisiri a zilembo amagawa ntchito yawo pawiri. Pali zilembo zowerengera nkhani yaitali, monga Times New Roman kapena Garamond, zimene ubwino wake ndi woti wowerenga asaziganizire n'komwe, maso azingoyenda. Ndiye pali zilembo zokopa maso, za mitu ya nkhani, zikwangwani, mayina a malonda ndi zikuto za mabuku, zopangidwira kuti zioneke munthu ali patali ndipo zinyamule mawu ochepa. M'gulu lachiwirili ndimo muli banja limene tikukambirana pano: zilembo zosewera, zooneka ngati zojambula pamanja. Zina n'zonenepa, zina zimadumphadumpha pamzere, zina zimaoneka ngati zachoko, zaburashi, kapena za mwana wa Sitandade 2 amene wangozolowera kumene kugwira pensulo. Zonsezi zimauza munthu chinthu chimodzi asanayambe n'kuwerenga komwe: kuno kuli munthu mnzanu, masukani.

Vuto lake n'lakuti kusindikiza ndi ntchito yobwereza, pamene kukoma kwa dzanja kuli m'kusabwereza. Mandasi okazinga pakhomo satuluka ofanana, ndipo kusafananako ndiko kumatiuza kuti anawaumba ndi munthu. Amisiri a zilembo zamtunduwu akhala akulimbana ndi vuto limeneli kuyambira kale, ndipo ine ndikuona kuti ngakhale funso lakuti zilembozi ziikidwe pati, zisaikidwe pati, yankho lake lagona pa vuto lomweli.

Kulimbanaku kunayamba pamodzi ndi kusindikiza kwenikweniko. Pamene Johannes Gutenberg ankasindikiza Baibulo lake mumzinda wa Mainz cha m'ma 1455, anthu amene akanaligula anali atazolowera mabuku okopera pamanja. Choncho sanaumbe a mmodzi, b mmodzi, c mmodzi ayi. Anaumba zilembo ndi zizindikiro pafupifupi 290, zina za dzina limodzi koma zosiyana m'lifupi, zina zolumikizana ziwiriziwiri monga momwe alembi ankazilumikizira. Iye sankafuna kuseketsa munthu, koma nzeru yakeyo ndi imene amisiri a lero abwererako: ukafuna kuti makina aoneke ngati dzanja, uwapatse zilembo zambiri zosankhapo.

Zilembo zokopa maso zinabwera mochedwa, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, pamene mafakitale ndi malonda zinachuluka ku Britain ndi ku America, makoma a m'mizinda n'kudzaza ndi mapepala olengeza katundu, zisudzo ndi maulendo. Ku London, Robert Thorne anatchuka ndi zilembo zonenepa kwambiri zimene munthu ankaziwerenga ali tsidya lina la msewu. Ku New York, Darius Wells anayamba kusema zilembo zikuluzikulu pa matabwa, ndipo mu 1828 anatulutsa kabuku koonetsa zilembo zakezo. Chilembo chachikulu chachitsulo chinkalemera, chinkadula, ndiponso sichinkauma mosalala chikaumbidwa. Koma zilembo zimenezi zinali zofuula chabe. Kusewera kunabwera ndi anthu a ntchito ina, olemba zikwangwani ndi ojambula mawu a malonda m'manyuzipepala, amene zida zawo zinali burashi ndi cholembera.

Mmodzi wa iwo anali Oswald Cooper wa ku Chicago. Ankapeza chakudya pojambula pamanja mawu a malonda, mpaka kampani youmba zilembo ya Barnhart Brothers & Spindler inayamba kusandutsa kalembedwe kake kukhala zilembo zosindikizira. Mu 1922 kunatuluka Cooper Black, zilembo zakuda bii, zonenepa, zopanda ngodya yakuthwa. Papita zaka zoposa 100 koma zikadali pa ntchito: dzina la kampani ya ndege ya easyJet linalembedwa ndi zomwezo, chimodzimodzinso dzina la mphaka wa m'makatuni uja, Garfield. Chimene chazisunga, mmene ndikuonera, n'chakuti Cooper sanayese kunamiza munthu kuti mawuwo angolembedwa pompano. Anatenga kufewa kwa burashi n'kusiya kusakhazikika kwake, ndiye o awiri ofanana mu Cooper Black sakhumudwitsa diso. Mu 1910 Morris Fuller Benton wa ku American Type Founders anali atatulutsa kale Hobo, imene pafupifupi mizere yake yonse ndi yokhota ndipo g, p ndi y wake satsika pansi pa mzere. Nayonso imasewera poyera, osabisa kuti ndi ya makina.

Amene anasenza ntchito yolemera ndi omwe ankafuna kutsanzira dzanja lothamanga, lolemba molumikiza. Brush Script ya Robert E. Smith, ya mu 1942, ndi Dom Casual ya Peter Dom, ya mu 1951, zinatengera burashi ya olemba zikwangwani za malonda ku America. Koma amene anafika patali ndi Roger Excoffon wa ku France, yemwe mu 1953 anapangira kampani ya Fonderie Olive ya ku Marseille zilembo zotchedwa Mistral, potengera kalembedwe ka dzanja lake lomwe. Taganizani kukula kwa ntchitoyo. Nthawi imeneyo chilembo chilichonse chinali kachidutswa ka mtovu ka makona anayi, ndipo wosindikiza ankazindandalika chimodzichimodzi. Kuti mawu aoneke ngati olembedwa osanyamula cholembera, kamchira ka chilembo chilichonse kankayenera kukumana ndi chiyambi cha chilembo china chilichonse chimene chingabwere pambuyo pake, chonsecho dzanja lenileni limalumikiza pena m'mwamba, pena m'munsi. Excoffon anakonza zilembozo kuti zisaime pamzere wowongoka, zina zikwereko pang'ono, zina zitsikeko, koma pokumanirana pasasemphane. Mpaka lero munthu akaona mawu awiri atatu mu Mistral amakhulupirira kuti wina wangowalemba mofulumira ndi cholembera chonenepa. Akaona ndime yathunthu zonse zimaululika, chifukwa e yemweyo wabwera kakhumi.

Luso la kujambula zithunzi litalowa m'ntchito yosindikiza, mtovu unasiya kulamulira. Kampani ya Photo-Lettering, imene Edward Rondthaler ndi anzake anaiyambitsa ku New York mu 1936, inkasunga zilembo ngati zithunzi, ndipo kunali kotheka kuzikulitsa, kuzipendeketsa kapena kuzilowetsana. Ed Benguiat, amene anagwira ntchito kumeneko zaka zambiri, anajambula zilembo zolowana, zoti mwendo wa L ulowe pansi pa chilembo chotsatira ndipo T afungatire mnzake kunsi kwa mkono wake, kalembedwe kamene kanakondedwa kwambiri m'malonda a m'zaka za m'ma 1960. Mu 1961 kampani ya Letraset ya ku London inayamba kugulitsa mapepala a zilembo zomata pongozikanda ndi cholembera, ndipo munthu wopanda makina alionse ankatha kudzipangira mutu wa posita patebulo lake.

Kompyuta itabwera, poyamba inabweza zinthu m'mbuyo: batani limodzi, chilembo chimodzi. Achinyamata awiri a ku Netherlands, Erik van Blokland ndi Just van Rossum, anathyola lamuloli mu 1990 ndi fonti yotchedwa Beowolf. Inali ndi malangizo ouza makina osindikizira kuti azisuntha m'mphepete mwa chilembo mwachisawawa nthawi iliyonse, kotero kuti panalibe zilembo ziwiri zotuluka zofanana. Ntchitoyi inalemekezedwa moti mu 2011 nyumba yosungira zaluso ya Museum of Modern Art ku New York inaiika m'gulu la mafonti 23 amene inasankha kusunga. Komabe Beowolf sioneka ngati dzanja. Imaoneka ngati chilembo chonjenjemera. Opanga mafonti osewera ambiri sanaimvetsebe mfundo imeneyi, yakuti kusiyana kwa zilembo za pamanja si kwachisawawa. Dzanja limasintha a chifukwa cha chilembo chimene langomaliza kulemba, chifukwa cha malo amene atsala pathabwa, chifukwa penti ikutha pa burashi. Kusiyana kulikonse kuli ndi chifukwa chake, ndipo diso limazindikira zimenezi ngakhale mwini diso sangathe kuzifotokoza.

Thandizo lenileni linabwera ndi OpenType, njira yosungira mafonti imene Microsoft ndi Adobe analengeza mu 1996. Fonti imodzi ya OpenType ikhoza kusunga zilembo zoposa 65,000 pamodzi ndi malamulo ake: chilembo ichi chikatsatana ndi chakutichakuti, tenga mtundu wachiwiri, chikakhala kumapeto kwa mawu, chipatse mchira wautali, chikabwera kawiri motsatizana, usabwereze chomwecho. Ndi nzeru ya Gutenberg ija, kungoti tsopano wosankha ndi pulogalamu. Kampani ya House Industries ya ku Delaware inatsata njirayi mu 2004 poukitsa zilembo zolowana za Benguiat mu fonti ya Ed Interlock, imene ili ndi magulu a zilembo zolumikiziratu oposa 1,000. Lobster, imene Pablo Impallari wa ku Argentina anaitulutsa mwaulere mu 2010, nayonso ili ndi mitundu ingapo ya zilembo zake zambiri, ndipo inafala moti kwa zaka zingapo inali pa menyu ndi zikwangwani za malo odyera m'mayiko ambirimbiri. Chofunika kudziwa n'chakuti si mapulogalamu onse amene amasankha okha. Mu Microsoft Word munthu amayenera kuchita kutsegula yekha zimenezi, apo ayi fonti yopangidwa mwaluso imatuluka ngati yachabechabe.

Palibe fonti ya m'banjali imene yakanganitsa anthu kuposa Comic Sans, ndipo nkhani yake ndi yofunika kuimva bwino chifukwa ambiri amaiweruza asanaimve. Mu 1994 Vincent Connare, amene ankagwira ntchito ku Microsoft, anaona pulogalamu ya Microsoft Bob isanatuluke, pulogalamu yopangidwira anthu ongoyamba kumene kugwiritsa ntchito kompyuta. M'menemo munali kagalu ka katuni kopereka malangizo, koma mawu ake ankatuluka mu Times New Roman, zilembo zimene zinapangidwira nyuzipepala ya ku London. Connare anaona kuti sizikugwirizana. Anatenga mabuku a makatuni amene anali nawo mu ofesi, The Dark Knight Returns ndi Watchmen, n'kuyang'ana mmene alembi ake ankalembera mawu otuluka pakamwa pa anthu a m'zithunzi, ndipo anajambula zilembo zake potengera zimenezo. Mu Bob sizinalowe, koma zinalowa m'mapulogalamu ena, kenaka m'gulu la mafonti obwera ndi Windows. Posakhalitsa kalaliki wa mu ofesi, mphunzitsi ndi mlembi wa mpingo kulikonse padziko anali ndi fonti imodzi ya nkhope yansangala pakati pa mafonti ena a nkhope zolimba.

Anaigwiritsadi ntchito paliponse: pa zidziwitso za kuchipatala, pa makalata ochenjeza antchito, ngakhale pa miyala ya pamanda. Dave ndi Holly Combs, okonza zosindikiza a ku Indianapolis, anayambitsa kampeni yoti fontiyi iletsedwe. Mu Julaye 2010 mwini timu ya basketball ya Cleveland Cavaliers, Dan Gilbert, analembera otsatira timuyo kalata yaukali wosewera wawo LeBron James atachoka, ndipo anailemba mu Comic Sans. Ambiri anasiya za mkwiyo wake n'kumakamba za zilembozo. Pa 4 Julaye 2012, asayansi a ku CERN polengeza kuti apeza kanthu kakang'ono kotchedwa Higgs boson, Fabiola Gianotti anaonetsa zotsatira za gulu lake la ATLAS mu Comic Sans, ndipo phokoso linabukanso.

Nkhani ziwirizi si zofanana. Kalata ya Gilbert inali ya munthu wopwetekedwa mtima, ndipo zilembo zinkamwetulira pamene mawu ankakalipa. Wowerenga analandira mauthenga awiri otsutsana nthawi imodzi. N'chimodzimodzi ndi pulogalamu ya maliro kapena kalata yochotsa munthu ntchito: zilembo zansangala pamenepo zimamveka ngati wolembayo sizikumukhudza, ngakhale zikumukhudza ndithu. Gianotti ankaonetsa ziwerengero kwa anzake m'mizere ifupiifupi pa tsiku lachisangalalo, ndipo palibe amene analephera kuwerenga. Ine sindipezapo mlandu pamenepo. Zofooka Comic Sans ili nazo zenizeni. Mipata ya pakati pa zilembo zake si yolingana bwino, ndipo inakonzedwera masikirini akale a timadontho tikulutikulu, choncho ikasindikizidwa yaikulu papepala zolakwika zake zimaonekera. Craig Rozynski wa ku Australia anayesa kukonza zimenezi mu Comic Neue mu 2014. Koma ili ndi ubwino umene oinyoza satchula. A wake ndi g wake ndi amene mwana amaphunzira kulemba pabolodi, ndipo zilembo zake n'zosavuta kusiyanitsa. Bungwe la British Dyslexia Association limaitchula pakati pa mafonti amene angathandize anthu ovutika kuwerenga.

Papyrus ndiyo imaonetsa poyera vuto la kubwereza lija. Chris Costello anaijambula mu 1982 ndi cholembera cha inki papepala lokhakhala, ndipo Letraset inaitulutsa chaka chotsatira. M'mphepete mwa zilembo zake muli timabanga ndi malo onyotsoka, ngati zolemba za kalekale. Pa liwu limodzi lalikulu zimakoma. Koma timabangato tili pamalo amodzimodzi pa e aliyense, ndipo diso likangotizindikira silisiyanso kutiona. Filimu ya Avatar ya mu 2009 itaika zilembo zamtunduwu pa dzina lake ndi pa mawu omasulira a pansi pa chithunzi, dandaulo la amisiri linali lomveka: anthu amene anawononga ndalama zankhaninkhani popanga dziko latsopano anatola zilembo zopezeka pa kompyuta ya aliyense.

Tsono ntchito ya zilembozi ili pati? Pali kafukufuku amene amathandiza kuika malire. Mu 2008 Hyunjin Song ndi Norbert Schwarz a ku University of Michigan anapatsa ophunzira malangizo a masewera olimbitsa thupi. Ena anawalandira mu Arial, ena m'zilembo zaburashi zovuta kuwerenga, koma mawu anali amodzimodzi. Atafunsidwa kuti masewerawo angatenge nthawi yaitali bwanji, a zilembo zaburashi anatchula nthawi yotalika pafupifupi kawiri poyerekeza ndi anzawo aja, ndipo chidwi chawo chofuna kuwayesa chinali chochepa. Atabwereza ndi malangizo okonzera chakudya cha ku Japan, ena mu Arial ena mu Mistral, zinatuluka chimodzimodzi: amene anavutika kuwerenga anaganiza kuti chakudyacho n'chotenga nthawi ndipo chimafuna luso lalikulu. Kuvuta kwa zilembo munthu amakusenzetsa ntchito imene zilembozo zikunena. Mwini malo odyera akhoza kupindula nazo pang'ono, poti kasitomala angaone ngati wophika ndi katswiri. Koma amene amalemba timapepala tophunzitsa alimi kathiridwe ka feteleza, kapena touza odwala kamwedwe ka mankhwala, ayenera kuimva nkhani imeneyi ndi makutu onse awiri. Mutu wa kapepala ukhoza kusewera kuti munthu akatole. Malangizo enieniwo alembedwe ndi zilembo zodekha.

Malo ake enieni a zilembo zosewera ndi pamene mawu ali ochepa ndipo uthenga uli wopepuka mtima, monga dzina la sitolo, mutu wa posita ya chikondwerero, khadi loitanira anthu ku ukwati, tisheti kapena paketi ya maswiti. Mawu akakhala atatu kapena anayi, chilembo sichibwera kambiri, kubwereza sikuonekera, ndipo wowerenga amalandira chisangalalocho asanatope. Amisiri odziwa ntchito amatenga fonti yosewera imodzi yokha n'kuiphatikiza ndi ina yodekha: yosewerayo kumutu, yodekhayo ku tsiku, malo, mtengo ndi nambala ya foni. Manambala ndiwo ofunika kusamala koposa, pakuti m'mafonti ambiri a pamanja 1 amafanana ndi 7, ndipo 0 wosatsekedwa bwino amaoneka ngati 6. Chinanso chofala ndi kulemba mawu onse m'zilembo zazikulu pa fonti yolumikiza ngati Brush Script. Zilembo zazikulu za mafonti oterewa zinajambulidwa kuti ziyambe mawu n'kutsatidwa ndi zing'onozing'ono. Zikandandalikidwa zokhazokha zimakolana, mawu osawerengeka.

Anthu ambiri amaganiza kuti chilichonse cha ana chiyenera kulembedwa ndi zilembo zodumphadumpha. Pachikuto, inde. Koma mwana amene akuphunzira kuwerenga akulimbana kale ndi b, d, p ndi q, zimene ndi chithunzi chimodzi chongotembenuzidwa, ndipo zilembo zikamapendekera uku ndi uku ntchito yake imakula. Rosemary Sassoon wa ku Britain, m'zaka za m'ma 1980, anachita chimene ochepa anali atachiganizira: anafunsa anawo kuti ndi zilembo ziti zimene amawerenga mosavuta, ndipo pa zimene anapezazo anapanga Sassoon Primary pamodzi ndi Adrian Williams. Zilembo zake zili ndi kufewa kwa dzanja la mphunzitsi koma zimaima mwadongosolo. Bungwe la SIL International linapanga Andika ndi cholinga chofanana, cha ongoyamba kumene kuwerenga, ndipo linaikamo zilembo zapadera za zinenero zambiri za mu Africa. Imapezeka mwaulere.

Pali mbali ina imene imandivuta mumtima. Zilembo za pamanja zimalonjeza kuti chinthu chapangidwa ndi anthu ochepa, mosamala, mwina pakhomo. Makampani akuluakulu a zakudya anazindikira zimenezi, ndipo lero botolo lotuluka m'fakitale yodzaza mabotolo zikwizikwi pa tsiku limavala zilembo zooneka ngati wina walemba ndi dzanja pa botolo lililonse. Palibe lamulo loletsa, ndipo si bodza loti munthu angakasume nalo. Koma wovutika ndi wamng'ono. Mayi amene amapangadi jamu kapena chiponde ndi manja ake sakusiyananso ndi fakitale pa shelefu, chifukwa chizindikiro chimene chinali chake aliyense wachitenga. Zilembo nazonso zikafala motere zimatha mphamvu. Zinaichitikira Brush Script, zinaichitikiranso Lobster, mpaka anthu amene ankazikonda anayamba kuzithawa.

Kwa ife olemba Chichewa nkhani ya kubwereza ndi yaikulu kuposa mmene inalili kwa amene anapanga mafontiwa. Pafupifupi phatikizo lililonse la Chichewa limathera ndi vawelo, ndipo mavawelo athu ndi asanu okha, choncho amabwera mowirikiza, makamaka a. Wogulitsa zipatso akalemba kuti malalanje, a wabwera katatu ndipo l kawiri m'liwu limodzi. Pakhomo la sitolo pakalembedwa kuti takulandirani, a ndi atatu, i awiri, n awiri. Fonti imene imaoneka yamoyo pa mawu a Chingerezi amene wopanga anasankha poionetsa ikhoza kuoneka ngati chidindo pa mawu athuwa. Mawu athu ndi aataliataliso, moti zilembo zonenepa zimadzaza mzere msanga, ndipo wokonza posita amayamba kuzifinya mpaka kukongola kwake kutha. Fonti iyesedwe ndi mawu enieni amene akalembedwe, osati ndi chitsanzo cha mwini wake.

Palinso zizindikiro. Mafonti ambiri aulere a pa intaneti anajambulidwa ndi munthu amene anathera pa Z ndi 9. Kachizindikiro ka pamwamba kamene timalemba mu ng'ombe, m'mudzi ndi n'zotheka mwina mulibemo, kapena kamaima patali n'kudula liwu pakati. Chilembo cha ŵ, chimene mabuku ena a Chichewa ndi Chitumbuka amagwiritsabe ntchito, ndiye chimasowa kawirikawiri. Chikasowa, kompyuta imabwereka ku fonti ina kapena kuika kabokosi kopanda kanthu, ndipo pakati pa mawu ooneka a pamanja pamaima chilembo chowuma chachilendo. Njira yachidule yodziwira ilipo: chinenero cha ku Wales nachonso chili ndi ŵ, choncho fonti imene mwini wake wanena kuti imalemba chinenero chimenecho ili nayenso ŵ wathu. Ndi bwinonso kuwerenga chilolezo chake, pakuti mafonti ambiri otchedwa aulere ndi aulere pa zinthu za pakhomo zokha, osati pa malonda. A ku Google Fonts ndiwo amaloledwa ponseponse.

Pafupifupi fonti iliyonse imene tatchula inayamba ndi munthu wogwira burashi kapena cholembera, ndipo anthu oterewa sanathe. M'matauni ndi pa misika yathu dzina la golosale, la chigayo, la malo ometera ndi la sukulu limalembedwabe pakhoma ndi penti. Wolemba chikwangwani amathetsa pomwepo mavuto amene makina alimbana nawo zaka mazanamazana. Khoma likamatha amachepetsa zilembo mosaonekera, a wachitatu amamulemba mogwirizana ndi anzake oyandikana naye, mthunzi amauika mbali imene akufuna. Koma ntchito yawo ikuchepa chifukwa cha zikwangwani zapulasitiki zosindikiza pa makina, zimene zimatuluka tsiku lomwelo.

Ku India, Hanif Kureshi anaona zomwezi zikuchitikira olemba zikwangwani a m'misewu ya kwawo, ndipo mu 2011 anayambitsa ntchito yotchedwa HandpaintedType. Ankapempha mmisiri kuti ajambule zilembo ndi manambala onse pansalu yaikulu, kenaka n'kuzisandutsa fonti ya magawo angapo osanjikizana, kuti mthunzi ndi mitundu ya penti zisatayike. Fontiyo inkatchedwa dzina la mmisiriyo, monga Painter Kafeel, ndipo gawo la ndalama zogulitsa linkapita kwa iye. Ku Buenos Aires, kalembedwe kokongoletsa ngolo ndi mabasi kotchedwa fileteado kanalowa mu 2015 pa mndandanda wa UNESCO wa chuma cha chikhalidwe cha anthu. Ku South Africa, Garth Walker wa ku Durban atapatsidwa ntchito yokonza zilembo za Khoti la Malamulo Oyendetsera Dziko ku Johannesburg, limene linatsegulidwa mu 2004 pamalo a ndende yakale ya Old Fort, anatengera zolemba zimene anapeza pamalopo, kuphatikizapo za akaidi pamakoma a ndendeyo. Dzina la khotilo lili kumaso kwa nyumbayo m'zinenero 11, m'mitundu yowala. Zilembozo zinachokera ku manja a anthu wamba, zili ndi moyo, koma palibe amene angaziyese nthabwala.

Ntchito ngati ya Kureshi itati ichitike ndi olemba zikwangwani a ku Limbe, ku Mzuzu kapena ku Chipata, nsalu yongoyambira pa A mpaka Z singakwanire. Mmisiri angafunike kujambula a osachepera asanu, i ndi u angapo, ng' ndi kachizindikiro kake pamalo pamene iye amakaika, ŵ wamkulu ndi wamng'ono, ndi magulu amene amabwera kawirikawiri monga ch, ph, th, kh, mb, nd ndi ny, aliwonse monga momwe dzanja lake limawalumikizira. Pangafunikenso K wa kwacha woima bwino ndi manambala, 1 ndi 7 osasokonezeka, ndipo dzina la mmisiriyo ndi gawo lake la ndalama zikhale zolembedwa m'pangano burashi isanalowe m'chitini cha penti.